Tinakaona njovu ku Liwonde ndi galimoto imodzi

Tchuthi cha mu Ogasiti chitayamba, ana anandiumiriza kuti chaka chino akaone njovu ndi maso awo, za pa TV zawakwana. Ife timakhala ku Matawale mumzinda wa Zomba, choncho paki ya Liwonde si kutali. Mukangolowa msewu wa M3, kudutsa Domasi, Malosa ndi boma la Machinga, ola limodzi ndi pang'ono mwafika. Cholakwa changa chinali kutchula nkhaniyi pa gulu la WhatsApp la pabanja. Alamu anga a ku Chinamwali anati nawo apita ndi mwana wawo, achemwali a ku Sadzi nawonso anati sangatsale. Tinakwana anthu 7, ndipo banja lililonse linkafuna kupita pa galimoto yake.

Ndisanavomere, ndinayamba ndafunsa mitengo kwa oyang'anira pakiyo. Kuyambira 2015 paki ya Liwonde ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma, ndipo mitengo imasinthasintha, ndiye osamadalira zomwe mnzanu analipira zaka ziwiri zapitazo. Anandiuza kuti pachipata munthu amalipira payekha, galimoto nayonso imalipira payokha, ndipo zonsezi amawerengera pa tsiku. Mmalawi amalipira ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi mlendo wochokera kunja, koma ayenera kuonetsa chiphaso cha unzika. Kulankhula Chichewa chokhachokha si umboni.

Apa mpamene ndinaona kuti magalimoto atatu ndi kutaya ndalama. Kulipira katatu pachipata, kuthira mafuta katatu, pomwe tonse tikukaona njovu zomwezo. Kunena zoona, ndalama ya pachipata ndi yochepa mukaiyerekeza ndi ya petulo wopita ndi kubwera, kuphatikizapo wozungulira m'kati tsiku lonse pa giya yoyamba ndi yachiwiri.

Alamu sanamve msanga. "Alamu, ine ndimafuna ufulu wanga. Ndikatopa ndizingobwerera."

"Pepani alamu, koma kagalimoto kanu kaja nkotsika. M'kati muja mulibe phula. Mukasiya bampala m'thengo, ndani akatole pali mikango?"

Za mikangozi sindinkawaopseza chabe. Inabwezeretsedwa m'pakimo mu 2018, ndipo zipembere zilimonso. Nchifukwa chake maganizo a mwana wawo, oti tisiye magalimoto onse m'tauni ya Liwonde nkulowa pa kabaza wa njinga yamoto, tinangowaseka. Tinaganizirakonso zokwera boti pa Shire kuchokera m'tauni, galimoto osalowa nayo m'paki. Ulendo wa boti ndi wokoma, mvuu ndi ng'ona mumaziona pafupi, koma amalipiritsa munthu aliyense, ndipo kwa anthu 7 masamu ake anakana.

Tinagwirizana zotenga Noah ya achemwali. Magalimoto enawo tinawasiya kunyumba ku Zomba konkuno. Pali ena amapita nawo mpaka ku Liwonde nkuwaimika pamalo omwetsera mafuta kapena pa loji, kenako nkupanikizana m'galimoto imodzi pokalowa. Pamenepo mafuta mwaotcha kale, ndipo mlonda amene wakuyang'anirirani galimoto tsiku lonse simungamusiye chimanjamanja.

Tinanyamuka 5 koloko m'mawa kuti tsiku lomwe tikulipiralo tilidye lonse. Tili pa Chinamwali, tikuwatenga alamu, ndinati aliyense atulutse chiphaso ndione. Achemwali anasanthula chikwama chonse, mpaka kukhuthulira pampando. Chiphaso chinatsala m'thumba la ku tchalitchi. Tinabwerera ku Sadzi, mphindi pafupifupi 40 zinapita, m'galimoto muli zii. Komabe bola pa Chinamwali kusiyana ndi kukazindikirira pachipata.

Chipata chachikulu chili kufupi ndi phiri la Chinguni, makilomita ochepa kuchokera m'tauni ya Liwonde. Pamenepo sipanavute. Analemba mayina athu ndi nambala ya galimoto, anayang'ana ziphaso, tinalipira, natipatsa lisiti. Ndalama ndinali nditazisonkhanitsa dzulo lake m'envulopu imodzi, chifukwa ndimawadziwa abale anga: pachipata aliyense amayamba kufufuza m'matumba ngati kuti sanamve za ulendowu. Lisitilo musalitaye, lisungeni mpaka mutatuluka. Ndinafunsanso bambo wa pachipatayo kuti, "Bwana, njovu lero zili mbali iti?" Anatilozera njira yotsata kumtsinje, ndipo zimenezi zinatipulumutsira mafuta oyendayenda mwachisawawa.

Mwezi wa Ogasiti ndi wabwino chifukwa madambo amakhala atauma, nyama zimatsikira ku Shire kukamwa madzi, misewu nayonso imapitika. Nthawi ya dzinja ina imatsekeka ndi matope, mungalipire galimoto nkungoyenda pang'ono. Ife tisanathe ola tinali titaona nswala, njiri zothamanga michira ili m'mwamba, ndi anyani pansi pa milambe. Njovu tinazipeza pakati pa migwalangwa, zikudutsa msewu ndi ana awo. Achemwali anazimitsa injini, alamu amene ankafuna ufulu aja anakweza galasi mwakachetechete.

Chakudya tinatenga kunyumba: mbatata yophika, mazira owiritsa, mandasi ndi thobwa m'chigubu. Tinadyera m'galimoto momwemo, chifukwa kutsika paliponse saloleza.

Tinatuluka dzuwa lisanalowe, chipata chisanatsekedwe. Pobwerera tinaima m'tauni kugula nsomba, ndipo pomwepo tinagawana ndalama ya mafuta ndi ya galimoto patatu. Alamu anapereka gawo lawo akudandaula kuti maondo awawa chifukwa anakhala mpando wakumbuyo. Tikufika pa Domasi anali akufunsa kale ngati Noah yomweyi ingakafike ku Majete.