Esplikasau ya pakhonde pathu ku Ulongwe

Ana ambiri amafika kwa ife atanenedwa kale kuti ndi mbuli. Chonsecho mwana yemweyo amaimba nyimbo za kutchalitchi osaphonya liwu, ndipo pa ndagi amagonjetsa akuluakulu. Mutu wake uli bwinobwino. Chimene chimamuvuta n'chakuti kusukulu zambiri zimabwera m'Chipwitikizi, chilankhulo chimene kunyumba sachimva, ndiye mawu amalowa koma sapeza pogwira. Zimandipweteka mwana wotere akasiya sukulu.

Ine ndi mayi a kunyumba tinayamba esplikasau, maphunziro apadera othandiza ana a sukulu, pakhonde pathu kuno ku Ulongwe, m'boma la Angónia, tili ndi mabenchi, bolodi ndi choko basi. Ntchito yathu ndi kupatsa mawuwo pogwira.

Tengani maina a zigawo za dziko lathu la Mozambique. Timauza mwana kuti atsinzine, ayende m'maganizo njira yochoka kwawo kupita kumsika. Pakhomo aikepo Niassa, pachitsime Cabo Delgado, pachigayo Nampula, pamlatho Zambézia, pamtengo wa mango Tete wathu, mpaka Maputo akamupeze pa ogulitsa tomato. Mukamuona akuyankha, maso ali chitsinzinire, chala chikuloza m'malere ngati akudutsadi pachigayopo. Njirayi si ife tinaiyambitsa, Agiriki ndi Aroma akale ankasungira nayo zokalankhula pagulu.

Tabuada ya 9, ndiye kuti kuchulukitsa manambala ndi 9, timaiika m'manja. Pa 9 × 4 mwana amatambasula zala zonse n'kupinda chachinayi kuchokera kumanzere. Kumanzere kwatsala zitatu, kumanja zisanu ndi chimodzi: 36.

Koma kuloweza lero si kudziwa. Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anasonyeza mu 1885 kuti zimene munthu waloweza zimathawa kwambiri m'maola oyambirira. N'chifukwa chake phunziro timalifunsanso mawa lake, kenako pakapita masiku, kenakonso sabata yotsatira, makope ali otseka. Makolo ena poyamba ankadandaula kuti tikubwereza zakale pomwe iwo alipira zatsopano. Timawapempha kuti akhale pambali tsiku limodzi, amve okha mwana wawo akuyankha.

Malipiro ndi a pamwezi. Amene ndalama yawavuta amabweretsa mbatatesi kapena nyemba, ndipo timalandira. Nthawi yokolola mabenchi amachepa anthu chifukwa ana ali kumunda, choncho timawapatsa tinyimbo ta phunziro toti aziimba konko. Panopa tikusunga ndalama zogulira malata, chifukwa mvula ikabwera ndi mphepo khonde lonse limanyowa.