Alamu a Mchira

Mpaka lero, kwawo kwa akazi anga ku Chikwawa ana amanditcha "alamu a mchira". Dzinali ndinalipata chaka chatha mu Ogasiti, nditapita kukaonekera kwa apongozi.

Madzulo tili pabwalo, apongozi aamuna anadandaula kuti ntchenzi zawathera nzimbe ndi chimanga kudimba. Ine mwana wa ku Ndirande, amene mbewa ndimangoziona zili pakamtengo m'mbali mwa msewu wa ku Lilongwe, ndinati, "Bambo, si mbewa chabe zimenezo? Mawa mudyera nyama." Mlamu wanga wamng'ono anatsamwa ndi madzi. Apongozi anangoti, "Tathokoza, akamwini."

Tinalawira kusanache, poti ntchenzi imadya usiku, masana n'kukabisala m'bango. Mlamu anandionetsa nzimbe zodulidwa mopendeketsa ngati wadutsapo munthu ndi chikwanje, pansi pali timilu ta zidutswa. "Mano ake ndi amenewo, alamu. Achikasu, otambalala ngati tchizulo." Ndinaseka, koma m'mimba munayamba kutentha. Kenako anandiimika pa kanjira kopyapyala ka m'udzu kolowera kumtsinje, iye ndi galu n'kukwera kumtunda kukaziwinga.

Ine ndinkadikira kanthu kokwana m'chikhatho. Chimene chinatuluka, abale! Chimutu chobulungira, timakutu tatifupi, ubweya wolimba ngati tsache. Yamphongo yokhwima imakwana makilogalamu 4 kapena 5, koma imeneyo m'maso mwanga inali mwana wa nkhumba. Inaima njo, n'kumenya pansi ndi miyendo yakumbuyo, thi! thi! Kenako liwiro, kulunjika pakati pa miyendo yanga. Ndinali nditaima pa msewu wake wothawira kumadzi, ndipo mlamu ankadziwa bwino lomwe.

Chibonga sindikudziwa kumene chinagwera. Ndinadumpha, ndinaterereka, ndipo pogwapo dzanja linakhudza chinthu n'kuchifumbata. Mchira!

"Ndagwira! Alamu, ndagwira!"

Palibe anandiuza kuti mchira wa ntchenzi sulimba, chikopa chake chimangovuka ngati sokosi. Mwiniwake anapitirira ulendo, chubwi m'madzi, n'kusambira mwaulemu kuwolokera tsidya. Ine chagada m'thope, thalauza lomwe ndinavala pa chinkhoswe litang'ambika kuyambira kumbuyo mpaka pabondo, m'manja muli kachikopa konga chingwe cha nsapato. Galu anabwera, ananunkhiza kachikopako, n'kundiyang'ana ine.

Manyazi akasanduka ukali munthu amalankhula zopusa. Ndinapempha machesi kuti titenthe bango lonselo zituluke. Kumbuyo kunamveka kutsokomola. Apongozi anali atafika kalekale, ataima pachulu, manja kumbuyo.

"Bango limenelo ndi limene limagwira gombe madzi akasefukira, akamwini. Mphasa mwagonapo usiku ija yachokera momwemo. Mukatentha mupha ndi ana omwe. Ntchenzi imakhala ndi bere miyezi isanu, n'kubereka tiana tinayi kapena kuposerapo pang'ono. Si makoswe a kwanu ku Ndirande ayi. Ife timatchera msampha pa kanjira, kugwira imodzi, n'kudyera."

Anayankhula zonsezi akuyang'ana kumwamba, poti thalauza lija silinkabisa kanthu. Kumudzi ndinabwerera nditamanga chitenje cha mayi wina amene ankathirira tomato.

Masana nsima inabwera ndi therere. Pofuna kubweza ulemu wanga, ndinatulutsa foni n'kuwawerengera kuti ku Ghana ndi ku Benin anthu amaweta ntchenzi m'makola ngati akalulu, kuzidyetsa udzu, ndipo nyama yake imagulidwa bwino pamsika. Ndinati nafenso tikhoza kuyamba bizinesi imeneyi, ine ndiika mpamba.

Apongozi anatema mbamu, anasunsa, anameza. Mlamu anadzuka mwakachetechete n'kudzaika kachikopa kaja pambali pa mbale yanga.

"Nzeru yabwino," anatero apongozi. "Mbewu mwagwira kale. Muyambire imeneyo."