Nkhope ya mzukwa inasanduka phala Lachinayi

Mwezi wa Okutobala pa shopu yathu yosindikiza zovala kuno ku Johannesburg timagona ndi mizukwa. Halloween, chikondwerero cha zinthu zoopsa monga mizukwa, ikayandikira aliyense amafuna T-sheti yakuda ya mleme kapena ya nyumba yabwinja. Sabata ina ya mwezi umenewu, Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse, kutsuka masikirini (masefa amene inki imadutsamo posindikiza), kuwapaka emulsion (mankhwala otseka pamene inki isadutse), mabaji a sukulu, basi.

Mtima wanga unali pa oda ya mayi wina wogulitsa zovala pamsika wa Loweruka. Ankafuna chithunzi chooneka ngati chikuto cha magazini akale a nkhani zoopsa a ku America, makamaka Weird Tales, imene inayamba mu 1923 ndipo inkasindikiza nkhani za mlembi wotchuka H. P. Lovecraft. Sindinakopere cha munthu. Ndinajambula changa, mkazi wovala zoyera ali ndi nyali pakati pa manda. Ukale wa zikuto zija umaonekera m'timadontho ta halftone (timadontho topanga mithunzi pa chithunzi chosindikizidwa) ndi m'mitundu yofiira ndi yachikasu yozilala, poti magaziniwo ankawasindikiza motchipa. Ndiye nkhope ya mzukwayo ndinaipanga ndi timadontho tokhatokha, pansi pake underbase, inki yoyera imene timayamba kudinda pa nsalu yakuda.

Anzanga a ntchito ino mukudziwa kuti timadontho totere timafuna sikirini ya mesh (ukonde) ya 120T, zikavutitsitsa 90T; nambalayo ikakula, mabowo a ukondewo amachepa. Kuyambira Seputembala ndakhala ndikuwauza bwana kuti masikirini athu a 120T anang'ambika. Yankho lake lomwe lija, tigula mwezi wamawa. Lachinayi m'mawa akuti tigwiritse ntchito 43T, ija timadindira manambala pa jezi za mpira. Ndinati, "Bwana, mabowo ake ndi aakulu, timadontho tilibe pogwira." Akuti ndikuchedwetsa ntchito.

Potsuka sikirini, timadontho tating'ono tinapita ndi madzi. Totsalato inki inasefukira n'kutilumikiza, nkhope yonse phala, pamwamba pake mizere yosafunika yonga mafunde imene timaitcha moiré. Ndinawaonetsa yoyamba, akuti pitirizani, kasitomala sadziwa. Katoni yathunthu inadutsa mu dryer, makina oumitsira inki, ndipo inki ya plastisol imene timagwiritsa ntchito ikapsa pa madigiri 160 Celsius ndiye kuti yakhala mpaka kalekale.

Chimene chinandiwawa si nsalu zoonongekazo. Mayi aja atakana katundu, ndinamva ndi makutu angawa bwana akuwauza kuti vuto ndi fayilo ya wojambula. Ine amene ndinachezera usiku kukonza dontho lililonse!

Lachisanu achimwene ena a ku Zimbabwe, amene ali ndi shopu mumsewu womwewu, anandibwereka masikirini awo. Fayilo yomwe ija, inki yomwe ija, mzukwa unatuluka mpaka nsidze. Tinaweruka mdima utagwa, ovataimu osatchulidwa n'komwe.

Loweruka kunabwera mnyamata wofuna chithunzi cha chilombo cha Frankenstein cha mutu wophwatalala ndi zitsulo m'khosi, akuti poti buku la Mary Shelley la nkhaniyi ndi lakalekale, la 1818, palibe angatisumire. Ndinamuuza kuti nkhope imeneyo ndi ya filimu ya kampani ya Universal ya 1931, m'bukumo mulibe. Bwana anali atalandira kale dipoziti. Ma 120T sanagulidwebe.