Zaka zinayi tikuvinitsa mithunzi

Loweruka lapitali situdiyo yathu yaing'ono kuno ku Lilongwe inakwanitsa zaka zinayi, ndipo holo inadzaza mpaka ena anaonera ataimirira. Pa siteji panali mtsikana mmodzi akuvina chimtali, kumbuyo kwake pa chinsalu chachikulu pali chifaniziro chopanda nkhope chikubwereza chilichonse chimene iye akuchita. Pakati pa gule, ine ndili pa kompyuta, ndinadula ulusi wolumikiza mtsikanayo ndi chifanizirocho. Chifaniziro chinayamba kuvina chokha masitepe amene tinajambula kale, mtsikana uja n'kuyamba kuchithamangira, thukuta kamukamu. Agogo ena kutsogolo anafuula: "Kodi akuvinitsa mnzake ndani apa?" Funso limenelo ndi limene takhala tikuligwirira ntchito kuyambira 2021.

Luso lake amalitcha motion capture. Wovina amavala suti yothina yokhala ndi masensa 17, tizipangizo tomva mmene thupi likuyendera, pamutu, m'mapewa, m'chiuno, m'mawondo mpaka kumapazi. Asanayambe amaima chilili, manja atatambasula ngati mtanda, kuti kompyuta idziwe thupi lake. Kenako akangogwedeza chiuno, chifaniziro chagwedezanso. Si zatsopano kunjaku: Merce Cunningham, katswiri wopeka magule wa ku America, anazigwiritsa kale ntchito mu gule wake BIPED mu 1999. Ife tinayamba ndi Kinect yakale ya makina a magemu a Xbox yogula kwa munthu, kamera imene imasokonezeka wovina akangotembenuka kapena chitenje chikauluka.

Chaka chowawa chinali 2023. Tinapempha ngongole yogulira suti yeniyeni. Bungwe lina, silitchulidwa dzina koma likudzidziwa, linatiyendetsa miyezi isanu, lero bwerani ndi kalata iyi, mawa abwana ali ku msonkhano. Mkulu wina anandifunsa akuseka ngati kuvina kuli ndi chikole. Tili pa mzere pomwepo, mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Suti imagulidwa m'madola, ndiye ndalama zimene tinasonkha zinasungunuka usiku umodzi. Ndinagulitsa galimoto yanga.

Suti itafika, mavuto sanathe. Tsiku loyamba mwendo wa chifaniziro unapindikira kumbuyo ngati wa nkhuku, mutu ukuzungulira pang'onopang'ono wovina ali phee. Amene anatigulitsa sanayankhe imelo ngakhale imodzi. Ndalama atalandira, foni inakhala yolemera. Tinadzitulukira tokha patapita masabata atatu: masensawa ali ndi kampasi mkati, ndipo zitsulo za denga ndi za m'simenti zimaisokoneza. Tinasamukira m'chipinda cha matabwa pansi, mwendo unawongoka.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimanyadira kuposa makinawo. Masitepe a munthu akalowa mu kompyuta amasanduka fayilo, ndipo fayilo imatha kuvekedwa thupi lililonse n'kugulitsidwa mwini wake osadziwa. Mu 2018 ku America anthu angapo anasumira kampani ya Epic Games ponena kuti mavinidwe awo analowa mu gemu ya Fortnite popanda chilolezo. Kwathu kuno wovina amasaina pepala lonena kumene fayilo yake ipite, ndipo ikagulitsidwanso amalandira gawo lake. Chaka chatha kunabwera kasitomala ndi ndalama zabwino, akufuna tijambule Gule Wamkulu kuti aike m'gemu. Tinakana. Inde UNESCO inaulemekeza gule ameneyu mu 2005, koma izi sizinamusandutse katundu wa aliyense. Eni dambwe alipo, ndipo chimene chimatuluka kumeneko si munthu woti ine n'kumuveka masensa. Lendi ya mwezi umenewo tinalipira mochedwa.

Ndithokoze amayi anga, amene mpaka lero amauza anzawo kuti ndimagwira ntchito "ya makatuni", koma ndi amene anatipatsa chipinda choyamba. Ndithokoze ovina athu asanu ndi mmodzi, amene anavina miyezi yambiri ndi malipiro a thiransipoti basi, a telala a ku Area 25 amene amasoka suti ikang'ambika m'khwapa, mnyamata wa jenereta amene sanatigwiritsepo mwala magetsi akazima, aphunzitsi amene anabweretsa ana asukulu, oimba ng'oma, ndi mkazi wanga, amene anandilola kugulitsa galimoto ija ngakhale sanandilankhule masiku awiri. Mulungu akudalitseni nonse.

Tsopano tikulandira maoda. Oimba ofuna vidiyo yokhala ndi chifaniziro chovina, makampani ofuna malonda a katuni oyenda ngati munthu weniweni, opanga magemu, masukulu ofuna chionetsero, bwerani. Timajambula, timakonza mafayilo m'pulogalamu ya makatuni ya Blender, timaperekanso okonzekera pulogalamu yopangira magemu ya Unreal Engine. Mwezi uno wokha, ola loyamba la kujambula ndi theka la mtengo. Tilembereni pa WhatsApp kapena pa tsamba lathu la Facebook, ndipo pobwera muvale nsapato zopanda zitsulo.