Visa ya bambo yatisowetsa tulo

Abale, nkhani ya visa ya bambo yatizunguza mutu sabata yonseyi. Chipumireni bambo ntchito ya ku nzimbe ku Nchalo, achemwali a ku Durban akungoti, "Atumizeni kuno, asamapse ndi dzuwa la ku Chigwa." Komanso chisefukireni madzi a namondwe wa Freddy mu 2023, mtima wawo sukhala m'malo mvula ikangoyamba.

Ndiye tinakhala pansi pa mtengo wa nimu, foni ili m'manja. Ndi pasipoti ya Malawi umalowa ku South Africa masiku 30 okha popanda visa. Kumeneko ndi kukacheza chabe. Visa ya anthu opuma ntchito ilipo, imafika zaka 4 ndipo imakonzedwanso, koma amafuna umboni woti mwezi uliwonse umalandira R37,000. Bambo atamva anaseka mpaka kutsokomola. "Mwanawe, ndalama imeneyo ndinaigwirapo liti?"

Yomwe tikuiganizira ndi ya wachibale, poti achemwali ali ndi chilolezo chokhalitsa kumeneko. Ndi ya zaka 2, ndipo iwo asonyeze kuti angawasamale ndi R8,500 pamwezi. Ntchito saloledwa kugwira, koma pa msinkhu umenewu ntchito ya chiyaninso? Pakufunikanso kalata ya dokotala ndi ya kupolisi.

Koma ine ndikuona kuti mapepala si ovuta kwenikweni. Dzulo ndinawapeza bambo kukhola akuwerenga ng'ombe zawo mobwereza, kenaka n'kundifunsa ngati ku Durban kumapezeka mlamba wowamba. Amayi aneneratu kuti iwo sapita. Akuti mapira awo akolola ndani?