Sabata imodzi yoperekeza alendo pakati pa Blantyre ndi kuchigwa

Ndimakhala pa Dyeratu, ku Chikwawa, ndipo ntchito yanga ndi yoperekeza alendo kokaona malo. Ambiri amene ndimayenda nawo ndi Amalawi anzathu: amayi a kumpingo, aphunzitsi ndi ana asukulu, magulu a banki mkhonde amene agawana ndalama ndipo akufuna kupitidwako mphepo tsiku limodzi. Funso lawo loyamba limakhala limodzimodzi, "Achimwene, zikwana zingati?" Funso limeneli ndimalilemekeza kwambiri, chifukwa munthu amene walifunsa wayamba kale kuwerengera za sopo ndi fizi ya mwana.

Lolemba sindinapite kulikonse. Ndinakhala pakhonde ndi kope ndi foni, kuwerengetsera maulendo a sabata yonse. Chimene chimadya ndalama paulendo wa tsiku limodzi ndi galimoto. Zolipira pageti zimachepa, makamaka poti Mmalawi amalipira mtengo wotsika kusiyana ndi mlendo wakunja, bola asaiwale chiphaso chaunzika. Choncho ndimauza gulu lililonse kuti minibasi idzaze, kamba aphikiretu kunyumba, ndipo anyamuke mbandakucha kuti pasakhale zogona panjira. Madzi akumwa okha ndiye sindilola kuti munthu aumire. Mwezi wa Okutobala kuno kuchigwa dzuwa silicheza ndi munthu.

Lachiwiri ndinakumana ndi amayi khumi ndi asanu a kumpingo ochokera ku Chilomoni. Ndinawauziratu dalaivala wawo kuti asanatsike makhotakhota a phiri aime pang'ono pamwamba, amayiwo aone chigwa chonse chili tambalale, mtsinje wa Shire ukuthyokathyoka pakati. Malo amenewo salipiritsa, koma alendo anga ambiri zithunzi zimene amasunga ndi za pamenepo. Ine ndinawadikirira pa Thabwa, tinawoloka mlatho wa Kamuzu, n'kulunjika ku Majete.

Za ku Majete ndimafotokoza monyadira chifukwa ndinakula ndikuiona nkhalangoyi ili yopanda kanthu. Nyama zinatha ndi misampha ndi mfuti, mitengo inkathera ku makala. Bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa malowa mu 2003, mogwirizana ndi boma, ndipo chaka chomwecho anabweretsa zipembere. Njovu zinayamba kubwera mu 2006, mikango mu 2012, akadyansonga mu 2018. Ife tsikulo tinaona njovu zikumwa madzi m'mbali mwa Shire, njati, mbidzi, anjiri ndi mvuu. Mkango sitinauone, ndipo ndinali nditanena kale kuti sindilonjeza nyama imene sindinaimange chingwe. Mayi wina wachikulire anangoti, "Mwanawe, njovu ndinkaiona pa kalendala basi. Zakwana."

Koma pamene ndimafuna kuti alendo anga aimepo nthawi ndi pa mathithi a Kapichira. Anthu ambiri amangodziwa kuti kumeneko kumachokera magetsi, ndiponso kuti namondwe wa Ana atawononga damu mu Januwale 2022 dziko lonse linalowa mumdima. Sadziwa kuti miyala imeneyi ndi imene inatembenuza mbiri ya dziko lino. David Livingstone atakwera Shire ndi sitima yake mu 1859, apa ndi pamene anakanika kupitirira. Kuchokera pamenepa kukwera kumtunda mtsinje uli ndi mathithi otsatizana, sitima singadutse. Ndiye aliyense wobwera pambuyo pake, wamishoni kaya wamalonda, ankatsika sitima kuno kuchigwa, katundu n'kukwera phiri pamitu ya anthu. Doko lake linali kwa Katunga. Blantyre, amene amayiwa amakhalamo, anayamba mu 1876 ndi amishoni a ku Scotland, ndipo pafupifupi chilichonse chimene anagwiritsa ntchito m'zaka zoyambazo, misomali, mabuku, nsalu, mankhwala, chinadzera kuno kwathu.

Chapafupi pali manda a Richard Thornton, mnyamata wodziwa za miyala amene anali paulendo wa Livingstone ndipo anamwalira mu 1863. Nditamaliza kufotokoza, amayi amene ankatsogolera gululo anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Nanga aja ankasenza katundu aja, manda awo ali kuti?" Ndinayankha zoona zokhazokha, kuti palibe mwala umene unalembedwa maina awo. Ndinawauza za Amakololo amene anabwera ndi Livingstone kuchokera ku Zambezi n'kutsalira kuno, mpaka maina ngati Kasisi, Katunga, Maseya ndi Mlilima anasanduka a mafumu, pakati pa Amang'anja a Lundu amene anawapeza. Koma amtengatenga enieniwo, anthu zikwizikwi okwera phiri lija ndi mabokosi pamutu, anangopita. Amayiwo anayamba nyimbo ya kumpingo chapansipansi, ndipo ine ndinasiya kulankhula.

Lachitatu linandipweteka. Banja lina la pa Nchalo, bambo, mayi, ana anayi ndi agogo awo, linasonkha ndalama kwa miyezi iwiri kuti likaone Lengwe, nkhalango imene ili pakhomo pawo penipeni koma sanalowemo. Mwini galimoto amene tinapangana naye, atalandira kale ya mafuta, sanabwere. Foni inkangoitana. Ndinamva masana kuti anapeza ena olipira zambiri. Ana anali atavala zovala za ku tchalitchi kuyambira 5 koloko m'mawa, mpunga uli m'poto. Ndinapita ndekha kukapepesa, ndinagwada kwa agogowo, ndipo tinasuntha ulendowo kuti ukhale Loweruka. Ndalama ya mafuta ija ndinabweza ya m'thumba mwanga. Munthu wosauka akakupatsa ndalama yake kuti umusangalatse tsiku limodzi, wakupatsa chinthu cholemera, ndipo amene amaseweretsa zimenezi sindigwiranso naye ntchito.

Lachinayi ndinatsika ku Nsanje ndi anyamata awiri ogwira ntchito mu Limbe. Awa analibe galimoto, choncho tinayenda mmene amayendera aliyense: minibasi mpaka pa Bangula, kenako kabaza. Ulendo wotere ndi umene ndimaukonda pa kutchipa kwake, komanso umamva Chisena chikulankhulidwa m'galimoto, ukugula mlamba wowamba ndi malambe pawindo. Tinapeza msodzi wa bwato amene ndimamudalira, ndipo anatilowetsa m'dambo la Elephant Marsh. Dzinali anapereka ndi Livingstone chifukwa cha unyinji wa njovu zimene anaziona. Lero mulibe ngakhale imodzi. Mwatsala mbalame zosawerengeka, akakowa, nkhwazi, ndi ng'ona zimene msodziyo amazidziwa malo ake. Mu 2017 damboli linalowa m'gulu la madambo otetezedwa pa mgwirizano wa mayiko wa Ramsar. Ndinawaonetsa anyamatawo nyika, zija anthu akuno amakumba pansi pa madzi chaka cha njala, ng'ona zili pomwepo. Mtengo wa bwato sindinalole kuti anenerere. Msodzi akasiya maukonde ake tsiku lonse chifukwa cha ife, ayenera kupita kwawo ndi ndiwo.

Pobwerera anandipempha kuti tidzere ku Khulubvi, ku kachisi wa Mbona, akajambule zoika pa Facebook. Ndinakana. Mmodzi anakwiya ndithu, amvekere, "Bwana, tikulipirani zowonjezera." Ndinamufotokozera kuti nkhani yake si ya ndalama. Ku Khulubvi kuli eni ake, mafumu ndi akuluakulu osunga mwambo, ndipo munthu safika ngati akulowa mumsika. Umayamba wapempha, akakulola umavula nsapato, umavala nsalu yakuda, ndipo umatsata zimene akuuza. Amang'anja akhala akupempha mvula kumeneko kwa zaka mazanamazana. Ine ndimapemphera ku tchalitchi, koma malo amene makolo anga ankagwada sindingawasandutse pojambulira. Tinagwirizana kuti akafuna ndithu ndidzayamba ndapita ndekha kukapempha, iwo adzabwere tsiku lina. M'malo mwake tinafika pa boma la Nsanje, limene kale linkatchedwa Port Herald, n'kukaona doko lija linatsegulidwa mu 2010. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana tsidya, ku Mozambique.

Lachisanu ulendo unatembenuka. Ndinakwera phiri ndi ana a Sitandade 7 a sukulu ina ya kwa Katunga, pamodzi ndi aphunzitsi awo awiri. Ambiri aka kanali koyamba kufika mu Blantyre, ngakhale kuti kuchokera kwawo ndi makilomita osapitirira 70. Makolo anasonkha pang'onopang'ono, ena anagulitsa nkhuku. Mu mzindamo tinasiya minibasi pamalo amodzi n'kumayenda wapansi kumene kunali kotheka, kuti mafuta asathe. Tinayambira ku tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. M'busa David Clement Scott amene anatsogolera ntchitoyo sanaphunzire zomangamanga, ndipo amisiri ake anali anthu akuda omwe anaumba ndi kuwotcha njerwa pomwepo. Ana anagwira khoma ndi manja, kuwerenga mitundu ya njerwa. Kenako tinapita ku Mandala, nyumba ya 1882 ya kampani ya African Lakes, imene dzina lake linachokera ku magalasi a m'maso a John Moir, mmodzi mwa oyang'anira kampaniyo.

Tili pabwalo la nyumba imeneyi ndinawafunsa kuti, "Katundu wa m'sitolo ya pano ankachokera kuti?" Anangoti zii. Nditanena kuti ankatsika sitima kwa Katunga, kamtsikana kena kanakweza dzanja. "Kwathu konkuja, amalume?" Ndinati konkuja, ndipo mwina agogo a agogo ako anafika pabwalo lino thukuta lili kamukamu. Kanatembenuka n'kuiyang'ananso nyumbayo kuyambira pansi mpaka padenga. Aphunzitsi aakazi anandinong'oneza kuti mutu umenewu amauphunzitsa chaka ndi chaka, koma ana sankaugwirizanitsa ndi mudzi wawo. Tinamalizira ku nyumba yosungirako zinthu zakale ku Chichiri, kumene anyamata anakakamira pa sitima yakale yapanjanji ya malasha ili panja ija mpaka tinachita kuwakoka. Mbatata ndi thobwa tinadyera pansi pa mtengo.

Loweruka galimoto ina inafika pa Nchalo nthawi yake. Tinadutsa m'minda ya nzimbe n'kulowa mu Lengwe dzuwa lisanakwere. M'nyengo ino ya chilimwe sipafunika kuzungulira kwambiri ndi kuwotcha mafuta. Umangokhala m'kanyumba kobisalira pafupi ndi dziwe, nyama zimabwera zokha. Ndinawapempha ana kuti akhale chete, ndipo anayesetsa. Kunabwera anyani, kenako anjiri. Patapita pafupifupi ola, m'tchire munatuluka boo wamphongo, nyama ya mtundu wa agwape, wakuda, wa mizere yoyera m'nthiti, akazi ake ofiirira ali pambuyo. Agogo aja anagwira mkono wa mdzukulu wawo wamng'ono n'kuloza booyo ndi mlomo. Anati anamuonapo komaliza ali mtsikana, akupita kukatola nkhuni ndi amayi awo. Tinakhala pamenepo mpaka boo anamwa n'kubwerera m'tchire, kenako mayi anatsegula poto wa mpunga.