Galaja yathu ya mabuleki ku Rosettenville

Nditafika ku Joni ndinayamba ndi kutsuka zitsulo pagalaja ina ya mu Jules Street, msewu wodzaza ndi mashopu a masipeya kuchokera ku Jeppestown mpaka ku Malvern. Sipanala ndinaigwirapo kale kwathu ku Ndirande, koma pa maminibasi. Kuno ndi kumene ndinakumana ndi magalimoto a mabwana, masaluni aataliatali aja amene ukakhala kumbuyo umatambasula miyendo ngati uli pabalaza.

Galimoto zoterezi zikakalamba zimatsika mtengo kwambiri, ndipo Amalawi anzanga amazikonda. Ndani safuna kukatsika pa Lunzu m'galimoto yonga ya nduna? Chimene wogulitsa sanena n'chakuti galimotoyo imalemera pafupifupi matani 2, ndipo kulemera konseko kumathera pa mabuleki. Madandaulo ake ankangofanana: chiwongolero chikunjenjemera ukaponda, buleki ikulira, phazi likumira. Nditaona zimenezo, ine ndi alamu anga tinabwereka bwalo lakuseri kwa nyumba ina ku Rosettenville, tinagula jeke ndi masitandi anayi, n'kunena kuti ife tizichita za mabuleki basi.

Amene anatitsegulira khomo ndi mkulu wa mpingo wina wa ku Turffontein. Anabwera atatopa.

"Aphwanga, madisiki ndasintha kawiri chaka chomwe chino. Pakangopita miyezi ingapo, kunjenjemera kwayambanso. Kodi galimotoyi anailodza?"

"Bambo, tipatseni tsiku limodzi, tione."

Titachotsa disiki tinapeza dzimbiri litaundana pa hub, pamene disiki imakhalira. Disiki yatsopano ikakhala pa dzimbiri imapendekeka pang'ono zedi, diso silingaone, mwina kuchepa kwake ngati tsitsi. Koma ikamazungulira imakhula mapadi mbali imodzi, n'kumadyeka mosiyana, ndiye phazi limayamba kumva kugunda. Anthu amati disiki yapindika, n'kugula ina, n'kuiika pa dzimbiri lomwe lija. Tinapala hub mpaka kuwala, tinayeza ndi geji, mabawuti a tayala tinamanga ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, osati mfuti ya mphepo imene anyamata a matayala amamangira ngati akulimbana ndi mdani. Lamulungu lotsatira nkhani inamveka kutchalitchi konse, ndipo kuyambira pamenepo bwalo lathu silinakhalenso lopanda galimoto.

Nanenso ndinalakwapo, ndisabise. Achimwene ena amapita ku Durban ndi banja, ine ndinawasinthira mapadi n'kuwauza kuti zonse zili bwino. Mafuta a mabuleki sindinawayang'ane. Akutsika Van Reenen's Pass pa N3, atapondereza buleki mtunda wonse, phazi linamira. Mwamwayi anatsitsa magiya n'kuima pambali. Atandiimbira foni, mawu akunjenjemera, ine nsima inakanika kulowa usiku umenewo.

Mafuta amenewa amayamwa chinyezi pang'onopang'ono. DOT 4, mtundu wina wa mafutawa, ikakhala yatsopano siwira isanafike madigiri 230, koma ikamwa madzi malire ake amatsika mpaka cha m'ma 155. Ikawira mumapangika nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika, ndiye ukaponda palibe chogwira. N'chifukwa chake opanga magalimoto ambiri amati azisinthidwa pa zaka 2 zilizonse. Achimwene ajawo ndinawabwezera ndalama zawo, n'kugula kachida koyezera chinyezi. Lero galimoto siituluka pageti pathu tisanaviike kachidako.

Chovuta pa bizinesi imeneyi si zitsulo ayi, ndi abale. Munthu wakwanu akakuuza kuti "ingoikani mapadi otchipa, ndikabwera kumudzi tidzakonza bwino", umachita manyazi kukana. Ena amafuna tingozimitsa nyale ya ABS (chipangizo choletsa matayala kukhwekhwereza ukaponda buleki mwamphamvu) pa dashibodi, pamene vuto ndi kasensa ka patayala kamene kadzaza litsiro kapena waya wake waduka. Ena amakana kusintha disiki yoti yapyola kale muyeso umene opanga anadinda pachitsulo chomwecho. Ndimawaonetsa nambalayo ndi chala. Akakanabe, ndimawatsitsira galimoto pajeke osawalipiritsa. Alamu anga poyamba ankadandaula kuti tikuthamangitsa ndalama, ndipo miyezi ina lendi inkativutadi.

Pano tili anthu anayi, kuphatikizapo mnyamata wa ku Mangochi amene anabwera kudzapempha ganyu yosesa, lero amamasula caliper, chitsulo chofinya mapadi pa disiki, ndisanamalize tiyi. Nyengo yathu ndi November ndi December, pamene anthu akukonzekera ulendo wa kumudzi kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza. Saluni yopangidwira anthu asanu imabwera itakoka ngolo, mufiliji muli mabulangete, kumbuyo kwatsala pang'ono kukhudza pansi. Zimenezo timaziyamba 6 koloko m'mawa, chifukwa masana mvula ya mabingu ikagwa, pabwalo pathu palibe denga.